Chiwongolero m'Boti la a Chindevu

A Chindevu sanapemphe chiwongolero. Boti lawo laling'ono la usodzi ankaliyendetsa atakhala kumbuyo, dzanja lili pampini wa injini, ndipo imvi zinawamerera pomwepo. Zoona phewa linali litayamba kuwavuta, moti masiku ena kuvala malaya kunali nkhondo, koma zimenezo sankauza munthu. Ndiye mkamwini wawo atatulukira pashedi m'mawa wina ali ndi makaniki ndi chikatoni chachikulu, mkuluyo anangoti maso tong'o.

"Bambo, takubweretserani rimoti," anatero mkamwini akumwetulira. "Muziwongola mutakhala pakati pa boti, ngati muli m'galimoto."

"Rimoti? Ndiye kuti ine ndili pamadzi, wina ali phee kunyumba akundidina?"

Makaniki anaseka mpaka kutsokomola. "Ayi achikulire, ndi chiwongolero ndi waya basi. Mukapotoza kuno, wayayu akukankha injini uko."

A Chindevu sanaseke nawo. Mkamwini ameneyu chikwatirireni mwana wawo sanawabweretserepo ngakhale mbedza imodzi. Lero chifundo chachokera kuti? Chikomekome cha mkuyu, anadziuza mumtima, m'kati muli nyerere. Anagadabuza ndowa n'kukhalapo pafupi ndi boti, osaphethira.

Makaniki anapaka girisi ndodo yachitsulo ya kumapeto kwa waya, nailowetsa m'kapaipi ka kutsogolo kwa injini, n'kumanga nati. Waya wakuda wonenepa ngati chala anamuyendetsa m'mphepete mwa boti, akumupanikiza ndi tizitsulo. Iye atapita kukatenga chobowolera, a Chindevu anadzuka msangamsanga n'kumusisita wayayo kuyambira kuinjini mpaka kumapeto, kufunafuna kabokosi kobisika kapena kagetsi kophethira. Sanapeze kanthu, ndipo kusapezako kunawawonjezera nkhawa.

Chinawatsegula maso ndi mpando. Poyeza pokhomera bokosi la chiwongolero, makaniki sanawayeze iwo. Anatulutsa m'thumba kachingwe kokhala ndi mfundo ziwiri, nayeza ndi kameneko. Atamaliza kukhoma, a Chindevu anakhalapo. Mawondo anagunda thabwa, chiwongolero chili pamimba.

"Mwayeza ndani?"

Makaniki anayang'ana mkamwini. Mkamwini anayang'ana foni.

Apa mkuluyo anaona kuti wagwira mbava dzanja lili m'thumba. Mkamwini anali ndi mng'ono wake wamfupi ngati mtondo, wosagwira ntchito, wongokhalira kuzungulira padoko. Basi, akufuna kundichotsa m'boti langa ndili moyo, amuikemo ameneyo. Anatero mumtima. Anafuna aone pomwe bodzalo likathere.

Anakankhira botilo m'madzi kuti aliyese. A Chindevu analiza injini, nadzipanikiza pampandopo, makaniki atakhala kutsogolo. Atapotozera kumanja, boti linakhotera kumanzere, molunjika chipilala cha doko. Anapotozanso mwamphamvu, boti n'kuwonjezera kukhota. Mwamwayi makaniki analumphira kumbuyo n'kuzimitsa injini, boti linangokhula chipilalacho, penti n'kusupuka.

"Mwapangana kuti mundiphe!" anakuwa a Chindevu. "Mukatenge boti pamaliro!"

"Pepani achikulire, ndalowetsa waya pabowo lolakwika. Ndi kungotembenuza, sizichedwa."

"Usaligwirenso. Zula zonse, ubwezere m'katoni mwako."

Akukokera boti kumtunda, a Chindevu anaona mwana wawo wamkazi, mkazi wa mkamwiniyo, akutsika makwerero a doko. Anali atavala buluku lakale la mwamuna wake, atalipinda m'miyendo, jekete yoyandamitsa ili m'manja.

"Bambo, musawanamizire anthuwa. Kachingwe kaja anayeza ine."

"Iwe?"

"Ine. Ndimakuonani mukunyamula kapu ndi manja awiri. Mpini uja ine sindingaulimbe, umandikoka. Koma chiwongolero ndaphunzira paboti la mnzanga. Inu muziponya ukonde, ine ndiziyendetsa."

"Nanga kubisa?"

"Ndikanakuuzani mukanavomera?"

A Chindevu anakanda ndevu, nayang'ana mwana wawo, nayang'ananso mkamwini yemwe anaima patali ndi madzi ataweramitsa mutu. Anangokankhira sipanala kwa makaniki ndi phazi.

Waya atatembenuzidwa, anapita awiriwiri, bambo ndi mwana. Mwanayo anakwana pampandopo ngati anabadwira pomwepo. Anatuluka padoko bwinobwino, ngakhale pokhota ankachedwa kubweza chiwongolero, ndipo a Chindevu sanalephere kumuuza. Atafika poti kumtunda sangamve, anasendera pafupi.

"Tandiuza zoona. Mwamuna wakoyu akupezapo chiyani?"

"Nsomba, bambo. Ndi mkazi wosalira usiku poganiza kuti mwagwera m'madzi."

"Nanga mng'ono wake uja?"

"Ameneyo? Akangoponda m'boti amasanza. Onse a kwawoko ndi choncho."

A Chindevu anati "Mhm," osaonetsa ngati akhulupirira. Kuyambira tsiku limenelo ankapita kukawedza limodzi, ndipo phewa linayamba kupepukako. Mkamwini ankabwera kudzathandiza kutsitsa nsomba, apongozi ake n'kumamulonjera mwaulemu wonse. Koma atapempha kiyi wa shedi kuti azisungako njinga, anamuyankha kuti kiyiyo ndi mmodzi yekha, ndipo wosula makiyi anasamuka.