Lole ya Esinala ndi Thumba la Yureya

Kanyali kachikasu kanayaka pa dashibodi ya lole Lachinayi masana, ndipo kunacha Lachisanu kasanazime. Fanizo anazimitsa injini, kuyatsanso, kumenya dashibodi ndi chikhatho, koma kanyaliko kanangomutuzulira maso. Loweruka ankayenera kukanyamula mbuzi za anthu ku Chapananga kupita nazo ku Blantyre, pamene lole inali itayamba kale kufooka. Pa kamtunda ka ziii inkakwawa ngati ngolo ya abulu. Nanga phiri la pa Thabwa lija ikanalikwera bwanji, mbuzi zili mbuu ndi dzuwa kumbuyo?

Mayi ake, a Esinala, analibe nthawi yosewera ndi nyali. Loleyo inadya ng'ombe zonse zimene amuna awo, malemu a Paison, anasiya m'khola kwawo kwa Maseya. M'kholamo tsopano munamera bonongwe. Lole ikanafa, ndiye kuti ng'ombe zija zafa kachiwiri, popanda ngakhale chikopa choti munthu ayale.

Fanizo anawalozera kathanki kakang'ono ka chitsekero cha buluu pambali pa thanki ya dizilo. Anati mmenemo mumakhala madzi ena otchedwa adibulu, othandiza kuyeretsa utsi, ndipo atha. Akatha, lole imadzichepetsa yokha mphamvu. Pogula, wogulitsa sananene za kathankiko, iwonso sanafunse. Anayang'ana penti, anamenya matayala ndi phazi, Fanizo anayesa wailesi. Basi.

A Esinala anapukusa mutu. Lole yakale ya a Paison inalibe zamanyazi zoterezi. Inali yobiriwira, yamphuno yaitali, ndipo pa dashibodi pake palibe nyali imene inkayaka kuyambira tsiku limene inabwera. Rediyeta ikadontha, a Paison ankathiramo ufa wa mapira. Thanki ikabooka, ankamata ndi sopo. Payipi ikang'ambika, mphira wa chubu cha njinga unalipo. Nyengo ya thonje a Esinala ankakwera pamwamba pa katundu, mwana kumsana, mphepo ikuwomba, chigwa chonse chili poyera mpaka ku Shire. Ndipo masiku amene ankatsala pakhomo, sankafuna foni. Utsi wakuda ukangotulukira kuseri kwa mlambe wa kumsewu, ankadziwa kuti mwini nyumba akubwera, n'kunyamula ndowa kukatunga madzi osamba. Imeneyo ndiye inali galimoto. Inkamva chinenero cha anthu osauka.

Fanizo anafufuza pa foni yake kuti adibuluyo ndi chiyani kwenikweni. Atawerenga ananena motsitsa kuti akuti ndi yureya wosungunulidwa m'madzi.

"Yureya?" anatero mayi ake. "Ndiye ukulira chiyani? Sali kuseri kwa chitseko yureya?"

Linalipodi thumba lotsala pothira chimanga cha kudimba. Fanizo anati mwina si yemweyo. Mayi ake anamufunsa ngati yureya ali ndi mafuko ngati anthu, ndipo anamukumbutsa kuti bambo ake sanagonepo ndi njala chifukwa cha kanyali. Mwana amene wakwera lole ya ng'ombe za bambo ake satsutsana nthawi yaitali ndi mayi ake. Anatunga madzi pa mjigo, a Esinala anathira fetereza m'ndowa, kutakasa ndi mthiko mpaka timibulu tonse titasungunuka. Anadula botolo kuti likhale fanulo. Theka la ndowa linalowa m'kathanki kaja.

Fanizo anali atakwera kale, kiyi ali m'manja, pamene a Pedro anatulukira pa njinga akuchokera kudimba. A Pedro anali mnansi wawo, mnzake wa a Paison kuyambira ali anyamata, ndipo anayendetsa malole akuluakulu njira ya ku Beira mpaka msana utawakana. Anaima, phazi limodzi pansi, n'kuyang'ana mthiko uli pa tayala.

"Alamu, lole yayamba kudya phala?"

"Ikudya zimene zilipo, ngati ife tonse," anayankha a Esinala.

A Pedro anaona thumba, anaona fanulo ili pakamwa pa kathanki. Kuseka kunatha. Anatsamiritsa njinga, kupita pa zenera n'kutambasula dzanja.

"Fanizo, waliza injini chithirireni?"

"Ayi, ankolo."

"Patse kiyiyo."

Anaika kiyi m'thumba la malaya n'kumanga batani. A Esinala zinawapweteka. Anawauza a Pedro kuti asadzionetse ngati anabadwira ku garaja, popeza iwo omwe ndi amene ankagwira fanulo pamene a Paison ankathira ufa m'rediyeta.

"Ande, ndinkagwira," anavomera a Pedro. "Nanga pa Thabwa tinkagonapo kangati lole itafa, alamu? Inu munkangoona tikufika."

Zinali zoona kuti nthawi zina a Esinala ankaudikira utsi uja mpaka mawa.

A Pedro sanakalipe. Anawafunsa ngati nyemba zimapsa msanga ndi madzi a pa mjigo wawo. A Esinala anati aliyense akudziwa kuti madziwo ndi amchere, nyemba zimakhala ngati miyala, sopo sachita thovu, ndipo ketulo yawo inachita chikhakha choyera mkati. A Pedro anati chikhakha chimenecho ndiye anafuna kuchilowetsa m'lole. Kenako anapempha kansalu koyera, n'kusefa madzi otsala m'ndowa. Pa kansalupo panatsala litsiro lotuwa ndi timchenga.

Anafotokoza kuti yureya wa kumunda amapangidwira nthaka, amabwera ndi fumbi komanso zomukutira kuti asaumbike m'thumba. Wa lole ndi woyengedwa, wosakanizidwa pa muyeso wake ndi madzi opanda mchere ngakhale pang'ono. Injini ikalira, pampu imakoka madziwo n'kuwapopera m'ekizozi kudzera pa kabowo kochepa kuposa ka singano. Mchere ndi litsiro zikafika pamenepo zimatseka kabowo, zimapha pampu, n'kuwononga chibokosi chimene chimayeretsa utsi. Zipangizo zimenezo sizipezeka pansi pa mtengo, ndipo sizimatidwa ndi sopo.

"Ikanangolira kamodzi, alamu, bwenzi tikunena zina."

A Esinala anayang'ana kukhola kuja kuli bonongwe. Anakhala pa chitsa.

Fanizo, pofuna kuthandiza, anati anamva kuti kuli anyamata m'tauni amene amadula zonsezi, lole n'kumayenda popanda adibulu. A Pedro anati nkhabe m'chinenero chakwawo, ndipo anabwereza m'Chichewa kuti ayi. Anati anaonapo malole odulidwa choncho: ena amayenda miyezi ingapo kenako injini n'kuyamba kusokonekera, ndipo pogulitsa munthu wodziwa amathawa. Koma chachikulu ndi utsi. M'ekizozi ya lole zamakono muli sefa yogwira mwaye, ndipo adibulu amapha poizoni wina amene maso saona koma mapapo amamva. Ukadula, zonsezo zimapita m'zifuwa za anthu a m'mbali mwa msewu, amayi ogulitsa masawu, ana opita kusukulu, ndi dalaivala mwini wake.

"Mukukumbukira duku yanu yoyera ya Chigwirizano ija?" anafunsa a Pedro.

Ankaikumbukira. Anaivala tsiku lina atakwera pamwamba pa thonje, ndipo pofika ku Ngabu inali ngati yapukutira mphika. Anakumbukiranso makolala a malaya a a Paison amene sankayera, ndi chifuwa chawo cha m'mamawa chimene chinkadzutsa nkhuku. Palibe anganene kuti unali utsi wokha. Komabe zaka zonsezi a Esinala ankaukumbukira utsi uja ngati uthenga wabwino, osaganizapo kuti munthu amene ankabwera nawo ndi amene ankaupuma tsiku lonse.

"Ndiye tichite chiyani?" anafunsa. "Mbuzi ndi mawa."

A Pedro anaimbira mwana wawo Luisa, makaniko wa malole ku Nchalo. Dzuwa likupendeka anafika pa njinga yamoto, atamangirira chigubu cha adibulu chosatsegula ndi mabotolo a madzi oyengedwa, onga othira m'batire. Anapereka moni mwaulemu, anafunsa funso lomwe lija la injini, ndipo atamva kuti sinalire anati pyadidi, zili bwino, ntchito yachepa. Anamasula kathanki, kukhuthula zonse, kutsuka mobwerezabwereza mpaka madzi akutuluka oyera, kenako kubwezeretsa ndi kuthira adibulu weniweni pogwiritsa ntchito kapayipi kake ka pachigubu. Fanulo ya botolo ija anaiponya kutali.

Poti anali kale pansi pa lole, anamuitana Fanizo kuti aone. Anatsegula kampopi ka pansi pa fyuluta ya dizilo, ndipo munatuluka madzi. Anati amenewo ndi mphatso ya dizilo wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu, ndipo injini zamakono sizipirira madzi ngati zakale. Anatulutsa fyuluta ya mpweya, yodzaza fumbi la ku Chapananga, n'kumuuza kuti agule ina akafika ku Blantyre. Anamuuzanso kuti chigubu cha adibulu azichisunga pamthunzi chotseka bwino, chifukwa dzuwa la kuno limachiwononga, komanso kuti potsika phiri asamachotse giya pofuna kupulumutsa dizilo, mabuleki okha sangagwire lole.

A Pedro anamasula batani n'kubweza kiyi. Injini inalira. Fanizo anaizungulitsa mpaka kumsewu ndi kubwerera, ndipo kanyali kaja kanazima.

"Takhuta, alamu," anathokoza a Esinala m'chinenero cha a Pedro, chimene ankangochilankhula akagonja. Madzi a fetereza okhuthulidwa aja sanawataye. Anawonjezera ena n'kukathirira chimanga, kumene yureyayo ankayenera kupita poyamba pomwe.

Loweruka masana Fanizo anaimba foni ali pamwamba pa phiri. Lole inakwera osapuma, mbuzi zonse zili moyo ndipo zikulira mokwiyitsa. Lamulungu a Esinala atabwera kutchalitchi anakhala pakhonde, maso ali ku mlambe wa kumsewu, monga ankachitira kale. Anadikira utsi. Kumwamba kunali mbee. Anangodzidzimuka lole yaima kale pabwalo, Fanizo akutsika ndi fyuluta yakale m'manja kuti awaonetse kuti wasinthadi.

"Iwe, galimoto yako imabwera ngati mbala," anatero. "Kuyambira lero, ukafika pa mlambe uziliza hutala. Ndidziwe zotunga madzi."

Ndipo mpaka pano anthu a kwa Maseya akamva hutala pa mlambe paja amadziwa kuti ndowa ya a Esinala yanyamuka.

Phunziro lake si lovuta. Musanagule lole, pitani ndi makaniko wodziwa, ailize m'mawa injini ili yozizira, aone utsi, amvetsere magiya, ndipo mufunse ngati ili ndi kathanki ka buluu komanso kumene mudzapeze zothiramo. Kanyali kakayaka, funsani, musamenye dashibodi. Mukathira cholakwika m'thanki iliyonse, musalize injini, itanani makaniko. Musalole munthu kudula zoyeretsera utsi, chifukwa zifuwa zake ndi zathu tomwe. Lole zakale tizizikumbukira ndi chikondi, koma mankhwala ake anapita nazo limodzi. Yureya wa m'thumba ndi wa chimanga.