Mlongoti pa Nyanja Youma

Chaka chimene nyanja ya Chilwa inaphwa, cha 1968, anthu a ku Namanja anaona malodza masanasana. Pamene kale ankaponya makoka panali dothi long'ambikang'ambika, ndipo mbuzi zinkayenda pomwe pankasambira milamba. Asodzi ambiri anamanga katundu ulendo wa ku Malombe. Mabwato anatsala padzuwa, ali gadaa.

Pakati pa mabwatowo panali chombo cha malemu Che Hamadi, chamatabwa a mbawa, cha thanga limodzi. Chinali chakale, inde, koma kwa zaka makumi awiri chinkanyamula matemba ndi anthu kupita nawo ku Chisi ndi ku Kachulu osamizapo ngakhale nkhuku. Che Hamadi anasiya ana awiri. Wamkulu, Sufiyani, madzi ankangowadziwa a m'kapu basi. Iye anali telala ku Ntaja. Wamng'ono, Lukiya, ndiye anakulira m'chombomo. Anayamba ndi kukapa madzi mano akumkaka asanaguluke, ndipo pofika kuchinamwali chiwongolero anali atachizolowera. Mwamuna wake anapita ku Joni n'kutchona, ndiye ana atatu ankawadyetsa ndi chombo chomwechi.

Tsiku lina Lamulungu Sufiyani anatulukira pa njinga, khadi la chipani likuonekera m'thumba la malaya osita bwino. Anapita naye mlongo wake kuchombo, anthu osowa chochita akuwatsatira.

"Chemwali, ndagwirizana ndi Jasten, kalipentala wa ku Ntaja," anatero. "Loweruka abwera ndi ngolo ndi nkhwangwa. Matabwawa atuluka zitseko zabwino."

Lukiya anayankha ndi mawu owongoka. "Achimwene, madzi saiwala khwawa. Nyanjayi idzabwerera."

"Ibwerere, ndiye uyenda pa chiyani?"

Sufiyani anakwera m'chombo. Mlongoti unali utagona m'mbali, ndipo pansi, pamwamba pa msana wa chombo, panali chipika chokhala ndi chibowo momwe phazi la mlongoti limalowa. Anachiponda ndi nsapato kamodzi kokha. Chipika chija chinangoti phwanyu, n'kutuluka ufa ndi chiswe. Chikomekome cha mkuyu!

"Waona? Chombo chopanda mlongoti n'chomwera ng'ombe."

"Nanga mukadzapeza mlongoti uli chilili, thanga litakwera?"

Sufiyani anaseka mpaka kapu yakumutu inapendeka. "Ndiye ngolo idzabwerera yopanda kanthu. Anthu awa ndi mboni."

"Amva," anatero Lukiya. "Mudzabwere mutadya, achimwene. Ng'ombe zokoka ngolo yopanda kanthu zimathamanga."

M'mawa mwake Lukiya anakawatenga a Elliam, mmisiri wachikulire wochokera ku Utale, amene anaphunzira ukalipentala ku mishoni n'kudzakwatira kunyanja kuno. Mabwato onse a pa Namanja ankawadziwa ngati ana awo. Anagogoda thabwa lililonse ndi nyundo, khutu lili tcheru, n'kugwedeza mutu.

"Thupi lili bwino, mayi. Ming'alu iyi ndi ya dzuwa, tidzamata ndi thonje ndi phula. Nthenda ili pa chipikachi. Mvula inkatsetsereka ndi mlongoti n'kumakhazikika m'chibowomu, popeza bambo anu sanaboole potulukira madzi. Mulungu awakhululukire, anali msodzi, sanali mmisiri."

"Ndiye tisema china."

"Ndi mtengo uti? Pamafunika chipika chachikulu, cholimba, chouma zaka ziwiri kapena kuposa. Mukaika chachiwisi, mphepo yoyamba chidzang'ambika ngati chinangwa, mlongoti n'kugwera anthu pakati pa nyanja. Ine dzina langa sindiliika pa zimenezo, iyayi."

Apa m'pamene Lukiya anazindikira chimene mchimwene wake ankasekera. Telala uja sanali wopusa.

Masiku awiri anayenda mudzi ndi mudzi mpaka mapazi anatupa. Kwina anamuonetsa chitsa chodyedwa ndi chiswe. Kwina mtanda wa nkhokwe woonda ngati mwendo wa kakowa. Munthu wina anati apite kuphiri akadule, ngati kuti mtengo umauma ukamva kuti mwini wake wafulumira. Ena ankangomuseka poyera. Mkazi kukonza chombo pa nyanja ya fumbi, ha! Lukiya ankawayankha kuti akonzeretu ndowa zokapira, chifukwa adzawalemba ntchito.

Lachitatu masana anabwerera kunyumba chimanjamanja, ana ali ndi njala. Anathira chimanga chotsala mumtondo n'kuyamba kukonola, ukali wonse akuutsitsira pa munsi. Mtondowo unali wa malemu amayi ake, wosemedwa ku muwanga iye asanabadwe, wakuda ndi wosalala chifukwa cha manja. Kukamwa kwake kunali lamba wachitsulo. Sufiyani ndiye anamanga lambayo ali mnyamata, mtondo utayamba kamng'alu. Anadula chitsulo cha mgolo n'kuchikhoma ndi misomali itatu yopindika, amayi awo n'kumutama mudzi wonse kwa mwezi wathunthu.

Munsi unagwa, thi! Mtondo osasuntha. Unagwanso, thi! Lukiya anaima, munsi uli m'mwamba. Anayang'ana chibowo chozungulira chija, chakuya, chimene chalandira nkhonya zaka makumi anayi osadandaula. Kenaka anaseka yekha mpaka mwana wake wamng'ono anathawira kuseri kwa nkhokwe.

Anakhuthulira chimanga m'lichero, n'kuukunkhuniza mtondo uja mpaka kuchombo.

A Elliam atauona anavula chipewa. Anaugogoda, anaununkhiza, anayeza kukamwa kwake ndi chikhatho, n'kupita kukayeza phazi la mlongoti. Kenaka anabwerera pa mtondo paja.

"Mtengo woposa uwu kulibe kuno mpaka ku Liwonde," anatero potsiriza. "Koma mayi, ndiyenera kuudula m'chiuno. Ukadulidwa wadulidwa. Ndi wa mayi anu uwu. Ndipo akazi anzanu adzati mwathetsa khomo, chifukwa mkazi sadula mtondo wake."

"Bambo, mtondo wopanda chimanga umangokhala pogona nkhuku. Chimanga cha pakhomo panga chimabwera ndi chombo ichi. Perekani sowo."

Lukiya anagwira mbali imodzi, a Elliam mbali ina. Muwanga wouma si masewera, abale. Sowo inkalira, thukuta likutsika mpaka m'zigongono, ndipo dzuwa linapendeka asanafike ndi pakati pomwe. Akazi opita kukakumba madzi kudambo anatsitsa mitsuko n'kuima chapatali. Wina anakuwa kuti, "Lukiya wapenga, akupha amake kachiwiri!" Mawu amenewo anamulasa, tisabise. Misozi inatsika n'kusakanikirana ndi utuchi. Koma dzanja silinasiye kukoka, ndipo tsinde la mtondo litagwa pansi anapukuta nkhope ndi chitenje n'kufunsa kuti chotsatira n'chiyani.

Lachinayi a Elliam anakokolola zowola zonse pa msana wa chombo mpaka anafika pa mtengo wamoyo, n'kupakapo phula lotentha. Kunsi kwa mtondo anasemako mpata ndi tchizulo kuti ukwere pa msanawo ngati munthu pa njinga. Anayesa, anachotsa, anasemanso, kasanu konse, kufikira unakhala osagwedera ngakhale pang'ono. Kenaka anaboola kabowo m'mbali, chakunsi.

"Kusowa kwa aka ndiko kunawaphera bambo anu chipika," anatero. "Madzi akalowa azituluka."

Lachisanu anaupanikiza mtondo pakati pa nthiti ziwiri za chombo ndi tizipika tothinitsira tosemedwa ku tsinde lake lomwe lija, n'kuumanga ndi mabauti awiri amene Lukiya anazula pa ngolo yakufa ya malume ake. Phazi la mlongoti analidula pomwe linafumbwa, n'kulisema mozungulira ngati mutu wa munsi. Thabwa lopingasa lam'mwamba, lomwe limagwira mlongoti m'chiuno, analikhomanso misomali yatsopano. Lukiya ndiye anakhala pansi pa mtengo akusoka zigamba pa thanga ndi matumba a ufa, akuimba, ngati kuti nkhani yatha kale.

Loweruka ngolo inafika dzuwa litapendeka pang'ono. Kunali kutentha kwa Novembala, ndipo chakum'mawa, mbali ya ku Mozambiki, kunali mitambo yakuda. Sufiyani anatsika, Jasten pambuyo pake ndi nkhwangwa paphewa. Mudzi wonse unali pomwepo. Zaulere ndani amakana kuonera?

Chombo chinali chitachirikizidwa ndi zipika mbali zonse ziwiri. Lukiya anaitana asodzi anayi, omwe aja ankaseka. "Bwerani, mugwire apa. Kuseka mwaseka, tsopano tulutsani thukuta."

Anadzutsa mlongoti pang'onopang'ono, a Elliam akulondolera phazi. Unatsetsereka pa thabwa lopingasa n'kulowa pansi ndi mawu amodzi okha, thi! Mkazi aliyense amene anali pamenepo anawadziwa mawu amenewo. Lukiya anamanga zingwe yekha, n'kukoka thanga mpaka pamwamba.

Poyamba linangolendewera ngati chovala pa chingwe. Jasten anayamba kutsitsa nkhwangwa paphewa. Ndiye mphepo ya mvula ija inafika, ikuthamangitsa fumbi pa nyanja youma, n'kulimenya thanga mbama. Linafufuma lonse. Zingwe zinalira, matabwa analira, zipika zochirikiza zinatitimira m'dothi, ana n'kuthawa akukuwa. Lukiya anaima m'chombo chingwe chili m'manja, maso ali pa phazi la mlongoti. Silinasunthe ngakhale mpata wolowa chikhadabo.

"Alhamdulillah," anatero. Kenaka mokweza: "Achimwene, mlongoti uwo, thanga ilo."

Sufiyani manyazi anamugwira, ndipo manyazi a mwamuna pagulu amasanduka ukali. Analanda nkhwangwa kwa Jasten n'kukwera m'chombo.

"Pali chinyengo apa. Mtengo wouma mwaupeza kuti masiku asanu? Mwaika chachiwisi n'kuchipaka phula. Ndikachitema chituluka madzi."

"Temani," anatero Lukiya, osasiya chingwe.

Sufiyani anawerama n'kukweza nkhwangwa. Koma sinatsike. Pansi apo, mozungulira phazi la mlongoti, panali lamba wachitsulo cha mgolo, wokhomedwa ndi misomali itatu yopindika. Anagwada. Anaika nkhwangwa pambali n'kuyendetsa chala pa misomali ija umodziumodzi, kenaka pa mkombero wosalala pomwe amayi awo ankagwira popendeketsa mtondo kuti akhuthule mphale.

"Waudula," anatero, mawu atatsika. "Mtondo wa amayi waudula, Lukiya."

"Ndaudula, ndipo ndinalira. Koma onani amene wanyamula mlongoti wa bambo. Ngati mukufuna zitseko, yambirani pomwepo."

Mphepo inkakankhabe thanga, mlongoti ukukanikiza pansi, mtondo uli phee monga unkakhalira pakhomo. Sufiyani anakhala chogwada nthawi yaitali, dzanja lili pa chitsulo chija, misozi ikugwera m'fumbi la m'chombo anthu onse akuona. Madontho oyamba a mvula anayamba kugunda pa thanga.

"Nanga ufa wa ana uzisinja kuti?" anafunsa.

"Ndizibwereka kwa anzanga, omwe aja amati ndapenga."

"Iyayi. Mwana wa mayi anga sabwereka mtondo."

Anaimirira, anatola nkhwangwa n'kuipereka kwa Jasten chogwirira chili kutsogolo.

"Tembenuzani ng'ombe, a Jasten. Za zitseko muiwale. M'munda mwanga ku Ntaja muli muwanga waukulu. Mukaugwetse, mumusemere mlongo wanga mtondo. Lamba ndidzamanga ndekha."

Lukiya anamasula chingwe kuti atsitse thanga lisanyowe, koma mphepo inali yamphamvu moti linamukoka mpaka kumbali.

"Achimwene, musangoima ngati mlendo m'chombo cha bambo anu. Gwirani apa."

Sufiyani anapinda manja a malaya ake osita aja, n'kugwira.