Kompresa ya Malemu Ellard

Maliro a Ellard atangotha, misozi isanaume n'komwe, a Venansio, akulu ake a malemuyo, anali atayamba kale kugawa katundu ndi maso. Njinga yamoto inapita. Masuti anapita. Chinatsala ndi kompresa, chimakina chofiira chopopa mpweya chomwe Ellard ankapentera mageti ndi magalimoto pakashedi kake ka lendi ku Limbe.

"Alamu, chitsulo chimenecho chingochita dzimbiri," anatero a Venansio pafoni. "Ndibwera ndi galimoto mwezi ukatha, ndikachisunge kumudzi."

Kusunga! Kumudzi kopanda ndi magetsi komwe. Eliness, mkazi wa malemuyo, anadziwa kuti kusunga kwake n'kwa pamsika, ndipo mtima unamuwawa kwambiri. Ana ake awiri ankadya za makina amenewo. Nanga Ellard atagona pamphasa miyezi yonse ija, ankapenta mageti a anthu ndani? Achibale ankangoona chakudya chikufika kuchipatala, osafunsa kuti penti ili m'zikhadabo za alamu awo yachokera kuti.

"Chabwino, alamu," anayankha choncho basi. M'mawa mwake anachita hayala kalole, kompresa n'kukwera nayo mtunda wa ku Bangwe, kunyumba kwake.

Kuseri kwa nyumba kunali khola lomwe chitopa chinasesa nkhuku zonse. Eliness analikolopa, n'kukumba pakona, n'kuthira konkire, n'kuimika mabawuti simenti ikadali yaiwisi. Koma anayeza miyendo ya makinawo ndi lamba wa chubu, ataiwala kuti chubu chimatamuka. Simenti itauma, bawuti imodzi inaphonya bowo lake. Analira ndi ukali, hamala ili m'manja, n'kuswa, n'kuthiranso. Ulendo uno anayeza ndi waya.

Pansi pa miyendo anaikapo zidutswa za tayala kuti makina akamanjenjemera asang'ambe khoma. Mapaipi anawayendetsa m'khoma mopendekera pang'ono, monga ankachitira Ellard, kuti madzi a chiperoni omwe amalowa ndi mpweya azitsikira kumapeto, asakalavulire pa penti. Mkulu wina wa kumpingo, wodziwa zamagetsi, anadzalumikiza mawaya.

Kenako anaitana a Abbas, owotcherera zitsulo a pamsewu.

"Manatiwa muwawotcherere ku mabawuti."

A Abbas anakweza magalasi awo akuda. "Mayi, ndikawotcherera apa, ngakhale inuyo simudzachotsanso."

"Ndiye ndikufuna zimenezo. Mukatha, pali kanthu kena mundipangire ndi zitsulo zotsalazi."

A Venansio anafikadi, galimoto yopanda kanthu kumbuyo, sipanala ili m'thumba la jekete. Akutsika anamva kompresa ikuguguda kuseri, du du du, ndipo amayi oyandikana nawo anali atatsamira kale pampanda ngati pali mpira. Anamupeza Eliness atavala ovolosi ya malemu, miyendo ya ovolosiyo ataipinda kawiri. Anazimitsa makina, n'kuwapatsa moni mwaulemu wonse, mpando n'kuwaikira.

Iwo mpando sanaufune. Anagwada, n'kukoleka sipanala pa nati. Inaterereka. Anayesa ina, anakoka mpaka mitsempha ya m'khosi inaima, koma nati ndi bawuti zinali zitasanduka chitsulo chimodzi. Kumpanda wina anatsokomola chifuwa chabodza.

"Alamu, mwachita chiyani apa?"

"Yamera mizu, alamu. Mukafuna, nyamulani ndi nyumba yomwe, ana muwapeza m'katimo."

"Ameneyu ndi katundu wa m'bale wanga."

"Zoona. N'chifukwa chake ntchito yoyamba pano yagwirira m'bale wanuyo."

Anapita pakhoma n'kuvundukula chitenje. Panali mtanda wachitsulo, wautali kufika m'chifuwa, wopentedwa zoyera mbee, wosalala popanda ndi dontho lomwe. Pakati pake panali dzina lakuti Ellard m'zilembo zakuda.

A Venansio anauyang'ana mtandawo. Manda a mng'ono wawo kumudzi anali akadali ndi kathabwa kolemba ndi makala, ndipo amene analonjeza pamaliro, pamaso pa anthu, kuti aikapo mtanda weniweni anali iwo omwe. Anavula chipewa. Sipanala inabwerera m'thumba mwakachetechete.

"Mwapenta nokha?" anafunsa, mawu atatsika.

"Ndi manja omwewa. Galimoto mwabwera nayo kale, musabwerere chabe. Koma mugwire m'mphepete, penti sinaumitsitse."

Awiriwo anayala masaka kumbuyo kwa galimoto, n'kuugoneka mtandawo pang'onopang'ono ngati mwana wagona. A Venansio anakana kukhala kutsogolo ndi dalaivala. Anakwera kumbuyo, kuti augwirire m'mabampu a ku Bangwe.

Eliness anaima mpaka galimoto inakhota. Chisoni chinalipo, koma chimwemwe chinachiposa, moti anaseka yekha misozi ili m'masaya. Anabwerera m'khola muja, momwe geti la aneba linali kudikira penti yobiriwira, n'kuyatsa kompresa yake.