Akulu a pa Shelefu ya a Lam

Ine ndine wa Mvano, ndipo sindibisa. Ndiye tsiku limene a Lam anafika kunyumba yosamalira okalamba ku Erdington kuno kwa azungu, komwe ndimagwira ntchito ya unamwino, mtima wanga unangoti myuu. Mwana wawo Janet anatulutsa m'bokosi tianthu tadothi khumi ndi tisanu ndi titatu n'kutindandalika pashelefu, tonse tometa mpala. Kena nsidze zofika pachifuwa, kena kakudzikanda m'khutu, kena kakuyasamula manja ali m'mwamba ngati ine ndikaweruka. Kutsogolo kwake Janet anaika kambale ka mpunga, kakapu ka tiyi ndi lalanje.

A Lam anali ndi zaka 87, obadwira ku Hong Kong. Sitiroko inawalanda miyendo, dzanja lamanja ndi mawu ambiri, koma m'kamwa munali bwinobwino. Masiku oyamba, Janet akubwera m'mawa uliwonse kudzasintha zakudya za pashelefu zija, a Lam ankaseseratu mbale yawo. Tchuthi chake chitatha n'kubwerera kuntchito ku Coventry, ine ndinachotsa kambale kaja ndi kakapu komwe. M'buku ndinalemba kuti chakudya chosavundikira chimaitana ntchentche. Ntchentche za kuti mu Febuluwale, kuno kukuzizira koopsa? Chilungamo chake, ndinkaopa mafano.

Kuyambira tsikulo a Lam anatseka pakamwa. Phala ayi, msuzi ayi. Ndikabweretsa supuni ankangotembenukira kushelefu. Panapita masiku atatu akungomwa timadzi.

Helen, mnzanga wa ku Mulanje, anandipeza m'khonde.

"Mildred, wamva? A GP, adokotala aja, akuti a Lam akapanda kudya mpaka Friday akuwa-admita ku hospital, akawaike tube yodyetsera. Nkhalamba imene ija ikapita kumeneko sibwerako."

Ndinachita mantha, chifukwa a Lam ndinali nditayamba kuwakonda. Ndinaimbira Janet, ndipo anafika masana omwewo. Sanayang'ane n'komwe tchati. Anangoona shelefu n'kufunsa kuti kambale kapita kuti. Ndinaulula, nkhope ili pansi.

Sanakalipe. "Amenewa si milungu, a Mildred," anatero. "Timawatchula kuti Alohani. Anali ophunzira a Buddha, anthu ngati ife, amene analimbana ndi dyera ndi mkwiyo mpaka mitima yawo inayera. Mphunzitsi wawo anawauza kuti atsale padziko azisunga chiphunzitso. Bambo amawatenga ngati akulu a pakhomo. Chibadwire changa sindinawaonepo akudya akuluwa asanalandire."

Manyazi anandigwira. Ine amene ndinakulira ku Dowa, kumene beseni losamba m'manja limayambira kwa bambo aakulu, ndipo mwana wotsogoza dzanja amalandira mbama! Masiku atatu ndinkakakamiza munthu wolemekezeka kuti achite mwano, n'kumadabwa kuti akukaniranji.

Komabe vuto linalipo. Kuti ine Mildred nditenge mbale ndi manja angawa n'kuika pamaso pa tianthu tadothi, ayi ndithu, mtima sukanandilola. Janet nayenso sakanatha kubwera tsiku ndi tsiku. Ndinakhala pamphepete pa bedi n'kuganiza. Kenaka ndinafunsa ngati pali choletsa kuti akuluwa atsike pashelefu.

"Palibe," Janet anayankha. "Bola asakhale pansi."

Tinawasamutsira patebulo la pawindo, mmodzimmodzi. Wokanda m'khutu uja ndinamunyamula ndekha, ndipo nditamuyang'anitsitsa ndinaseka, chifukwa anafanana ndi amalume anga akamamvera wailesi. Ndinakankha njinga ya olumala ya a Lam kufika patebulopo, n'kuwapatsa kambale m'dzanja lamanzere. Linkanjenjemera koopsa, ndiye ndinawagwira chigongono. Kuika ankaika okha, ine kwanga kunali kuchirikiza basi. Tiyi anatayikira pa yunifolomu yanga, lalanje linagubuduka kawiri, koma zonse zinafika. A Lam anaweramitsa mutu katatu.

Atatero anatsegula pakamwa. Phala lonse linatha, anapempha lina. Helen anasuzumira pakhomo n'kunena kuti, "Eee, ndika-cancela ambulance ija!"

Papita miyezi isanu tsopano. M'mawa uliwonse timachita zomwezo, ndipo Lachinayi ndimavalabe zoyera zanga kupita ku Mvano mtima uli m'malo. A Lam anenepa mpaka tawagulira lamba wina.

Sabata yatha Janet anasiya malalanje awiri. Lina tinaika patebulo monga mwa masiku onse. Linalo a Lam anandipatsa kuti ndisende, ndipo nditatha anandikankhira theka. Ndinazengereza. Iwo anaona, n'kuloza patebulo ndi chibwano.

"La iwo ndi ilo," anatero pang'onopang'ono, mawu akuvuta kutuluka. "Ili ndi la inu."

Ndinathokoza, n'kuwauza kuti ayambe kudya, ine ndidya ndikamaliza kugawa mankhwala. Anapukusa mutu. Anagwira theka lawolo m'dzanja, phala likuzizira pambali, maso ali pa ine. Sanalume mpaka ine nditameza.