Wotchi Yopita ndi Kubwera

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndagwira ntchito ku unduna woona za maubale ndi mayiko akunja, koma ndege ndinkangoiona ikudutsa pamwamba pa malo oimika galimoto. Ntchito yanga ndi ya mphatso. Nduna ikamapita kunja, ndine ndimakutira zoti ikapereke. Alendo akabwera ndi zawo, ndine ndimazilandira kuseri kwa makamera n'kukazitsekera m'chipinda chapansi chopanda zenera. M'menemo muli mbale zagalasi, malupanga osatema kanthu, zithunzi za mapiri a eni ake, ndi akavalo amkuwa asanu ndi awiri amene mpaka lero sindidziwa kuti tinalakwanji kuti atipatse.

Mwana wanga wamkazi anakwatiwa kudziko la abwenzi athu, aja timati tikamalankhula pa wailesi ndi abale athu enieni. Chaka chatha anabereka mwana wamwamuna. Mdzukulu wangayo ndinkamudziwira pa foni basi, ndipo zinkandipweteka. Ndikapempha tchuthi, yankho linali lomwelomwelo, lakuti chipinda chapansi tisiyira ndani.

Tsiku lina abwana athu, mlembi wamkulu wa undunawo, anandiitana mu ofesi mwawo.

"Mayi, nduna ya abale athu ikubwera Lachinayi kudzasaina mgwirizano uja," anatero. "Zikayenda popanda chotichititsa manyazi, dzina lanu lilowa pa mndandanda wa opita nawo pa ulendo wobwezera."

Ndinathokoza mwaulemu, koma nditatuluka ndinavina pang'ono pafupi ndi makina okopera zikalata.

Mgwirizanowo unali utadya miyezi isanu ndi umodzi. Pa zonse tinkagwirizana, kupatula kuti chiyambe kulembedwa n'chiyani. Ife timati malonda ndiye oyamba, iwo amati chitetezo. Anthu ophunzira, ovala mataye, anakangana mpaka mawu kusasa, ndipo mapeto ake anasindikiza makope awiri: lathu loyamba ndi malonda, lawo loyamba ndi chitetezo. Aliyense anauza a kwawo kuti wapambana. Umu ndi momwe abale amakhalira.

Mphatso yathu inali chithunzi chachikulu chojambula pamanja, cha manja awiri akupatsana moni, lililonse lili ndi kambendera kake pamkono wa malaya. Wojambulayo anachibweretsa Lachinayi lomwelo m'mawa, penti akununkhabe. Abwana anachiyang'ana akumwetulira, kenako kumwetulirako kunatha. Anayamba kuwerenga ndi cholembera. Anawerenga katatu.

"Dzanja ili la zala zisanu ndi chimodzi ndi la ndani?"

"La alendo, bwana."

"Ndiye tikawauze kuti chiyani? Kuti ali ndi chala chapadera chotolera zathu?" Anayang'ana wotchi yawo yapamkono. "Kwatsala mphindi makumi anayi. Tsikani pansi mukapeze china."

Ndinatsika masitepe nsapato zili m'manja. Akavalo ndinawadumpha, malupanga sapatsa mbale wako. Kumbuyo kwa shelefu yomaliza ndinaona wotchi yamatabwa, yolemera ngati mwana wa zaka ziwiri, yokhala ndi timbalame tiwiri tamkuwa pamwamba. Inali itaima pa 2 koloko, koma mphatso ya boma ndani anaifunsapo nthawi? Ndinaipukuta ndi mpango wanga wa m'khosi, n'kuiika m'bokosi, n'kumanga riboni.

Pa ntchito yathu pali lamulo limodzi limene ndimaphunzitsa aliyense wobwera kumene: usanakutire chinthu, chitembenuze uone kunsi. Tsiku limenelo mphunzitsi sanatembenuze.

M'chipinda chosainira zonse zinali m'malo mwake. Mbendera ziwiri tinali titaziyeza ndi tepi kuti ina isapose inzake, ndipo zolembera zinali zofanana. Kumbuyo kwa nduna ya alendo kunaima mnzanga wa ntchito ngati yangayi wa kwawoko, bambo wamtali wa imvi amene timamutcha a Magalasi, chifukwa amapukuta magalasi awo nthawi zonse zinthu zikafuna kuvuta. Takhala tikupatsirana mabokosi zaka zambiri, koma sitinachezepo kupitirira moni.

Anasaina, anthu anaomba m'manja, ndipo ndinapereka bokosi kwa nduna yathu kuti ipereke kwa mnzake. Nduna zambiri zimangogwira bokosi, kumwetulira, n'kulipereka kumbuyo. Iyi ayi. Inamasula riboni ngati mwana pa tsiku lake lobadwa, n'kutulutsa wotchi, n'kuiyamikira, kenako n'kuitembenuza.

Kunsi kwake kunali kachitsulo kowala. Ngakhale ndinali patali, chizindikiro cha dziko lawo ndinachiona bwinobwino. Ndunayo inawerenga mokweza, pang'onopang'ono: "Kwa abale athu okondedwa, kuchokera kwa ife." Inatchulanso chaka, zaka khumi ndi chimodzi zapitazo.

Tinali titawabwezera mphatso yawo yomwe, pamaso pa makamera. Abwana anandiyang'ana diso loti ndikaone zina, ndipo ine m'maganizo ndinatsanzikana naye mdzukulu wanga.

A Magalasi anavula magalasi, n'kuwapukuta, n'kuwavalanso. Kenako anayandikira tebulo.

"Olemekezeka, mundilole," anatero. Anatulutsa kakiyi m'thumba, n'kumasula nako kasikuluwu kamodzi, n'kukankhira kachitsulo kaja pambali. Pansi pake panali kachitsulo kena kakale, kakuda, kokhala ndi chizindikiro cha dziko lathu. Pambali pa kameneko panali timabowo tinayi, tosonyeza kuti panakhalaponso kena.

"Monga mukudziwa nonse, olemekezeka," anapitiriza modekha, "iyi ndi wotchi ija. Imapita ndi kubwera pakati pa mayiko athu awiri. Lero yangofika nthawi yake yobwerera."

Nduna ya alendo inayang'ana nduna yathu. Nduna yathu inayang'ana nduna ya alendo. Yathu inali ndi miyezi isanu ndi itatu pa udindo, inzake chaka chimodzi, ndipo panalibe wofuna kuoneka kuti sadziwa mbiri ya ubale wa dziko lake.

"Ee, wotchi ija," inatero nduna yathu. "Ndine ndinalamula kuti ituluke."

"Ndimaiyembekezera," inayankha inzake. "Ndikanadabwa mukanandipatsa china."

Mtolankhani wina anafunsa chifukwa chake wotchiyo siyenda. Nduna yathu inayankha kuti ubale weniweni suyang'ana nthawi, ndipo anthu anaombanso m'manja. Asanadzuke pamipando, nduna ziwirizo zinalamula kuti pa mgwirizano awonjezere ndime yakuti wotchiyo iziwoloka malire chaka chilichonse. Imeneyo ndi ndime yokhayo imene anagwirizana pasanathe mphindi zitatu, ndipo m'makope onse awiri ili pamalo amodzi.

Ndinawapeza a Magalasi m'khonde, akumwa madzi.

"Bambo, mwandiwombola," ndinatero.

"Ndadziwombola ndekha, mayi. Zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, mbale yagalasi imene tinkabwera nayo kuno inandiswekera kutatsala tsiku limodzi. Ndinathamangira m'chipinda chathu chapansi, n'kutenga wotchi imeneyi. Nditaona chizindikiro chanu kunsi, ndinangokhomapo china pamwamba. Kuyambira pamenepo, ndikabwera kuno ndimayang'ana nkhope yanu kuti kapena mwazindikira."

"Ine ndinangoilandira n'kuiponya pa shelefu."

"Ndiye ndaonda zaka zonsezi pachabe."

"Nanga anaigula poyamba ndani?"

"Palibe akudziwa. Mwina inu, mwina ife." Anaseka. "Paja amati kupatsa n'kuika. Ife ndi inu timaikadi."

M'mawa mwake abwana anandiitana. Sanandiuze kuti ndikhale pansi.

"Mayi, dzulo munatsala pang'ono kundipha. Pa mndandanda wa ulendo uja simulipo."

Ndinangoti chabwino. Ndinayang'ana kapeti kuti asaone maso anga.

"Mndandanda ndi wa ulendo umodzi," anapitiriza, akufufuza m'mapepala. "Koma ndime yatsopano ija ikuti wotchi isamayende ngati katundu wamba. Pakhale munthu woinyamula pamanja, chaka chino kukaitenga, chaka chamawa kukaisiya, mpaka kalekale. Nduna yati ntchitoyo ipite kwa amene amadziwa bwino mbiri yake." Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Muli ndi miyezi iwiri yoti muipeke mbiriyo. Ikhale yaifupi."

Patatha miyezi iwiriyo ndinakwera ndege. Zokambirana za akuluakulu zinatenga masiku atatu, koma gawo langa linali la mphindi zisanu: kulandira bokosi kwa a Magalasi ndi kusaina kuti timbalame tonse tiwiri tilipo. Nditasaina ndinakwera basi, n'kutsika pamene mwana wanga anandiuza, n'kukwera masitepe a nyumba yosanja mpaka pachitseko chachinayi.

Mwana wanga anatsegula atanyamula mdzukulu wanga. Anangondiikira m'manja, wofunda, wonunkhira sopo, wolemera kuposa wotchi. Ndinalira, sindibisa. Iye anandiyang'ana ngati akufuna kudziwa kuti mayi ameneyu watumidwa ndi boma liti, kenako anandigwira chala.

Ndinatambasula kadzanja kakeko n'kuyamba kuwerenga.

"Amama, mukutani?" anafunsa mwana wanga.

"Ntchito, mwanawe."

Ndinawerenga katatu. Zinali zisanu.