Kabokosi ka a Lameki

Masana a Lachitatu, atatsamira pa desiki, Mayi Esinati Kachingwe, mkulu wa ofesi ya zaulimi pa boma, analota akutsogolera msonkhano wa pa kompyuta. Alangizi awo onse anali m'timabokosi pagalasi, aliyense ndi kadontho kobiriwira kosonyeza kuti ali pa ntchito. Kabokosi ka a Lameki Thawale kokha kanali bii. Patebulo panali kalata yowachotsa ntchito, poti makina ankati munthuyu sanaoneke kwa milungu itatu.

Mayi Kachingwe atatambasula dzanja, chidindo cha ofesi chinasuntha pang'ono.

"Mundikhululukire, mayi," chinatero. "Inki ndaiumitsa dala."

Pampando wa alendo panali malemu bambo Kwalimba, amene anawaphunzitsa ntchito. Anali atapisa buluku m'masokosi monga ankachitira popalasa njinga kupita kumidzi.

"Mwana wanga Esinati, kabokosiko mwalowamo?"

"Bambo, masiku ano sitilowa. Timangoona manambala."

"Manambalawo ndi abwino, ine ndinafa ndisanawalawe. Koma vulani nsapato."

Anavula, naponda pa kiyibodi, nalowa. Mkatimo munali mtsinje wodzaza, mlatho wake utakokoloka. Madzi anawafika m'chiuno, ofunda ngati osambitsira khanda, ndipo anawoloka osachita mantha.

Tsidya linalo anapeza a Lameki pamwamba pa chulu, pakati pa munda wa chimanga. Dzanja limodzi linali litakweza foni kumwamba kusaka netiweki, linalo likufunyulula masamba kuchotsa mbozi. Alimi ankabwera ndi mapesi odwala m'manja, a Lameki nkumawayang'ana limodzilimodzi. Malipoti onse amene anakanika kupita anali atatera pamapewa pawo ngati nkhunda, kudikira.

"Mwaswera bwanji, bwana?" anatero a Lameki. "Ndakhala ndikukuyankhani tsiku lililonse, koma mawu anga amakodwa mumtengo uwo."

Mayi Kachingwe anayang'ana mumtengo wa mbawa umene unali pambali. Nthambi iliyonse inali ndi mawu akulendewera, ena atayamba kufota: "Ndilipo, bwana." "Mbozi zachuluka." "Chonde titumizireni mankhwala." Anathyola amodzi nawaika m'thumba la bulauzi.

"Dzanjalo mwalikweza kuyambira liti, a Thawale?"

"Chigwereni mlatho. Lauma, koma ndazolowera."

"Bweretsani foniyo."

Mayi Kachingwe anakwera pachulupo ndi mapazi amatope, nalandira foni, naikweza okha. Pang'onopang'ono dzanja la a Lameki linatsika. Analiyang'ana ngati m'bale wobwera kutali, kenaka anagwada nayamba kugwira chimanga ndi manja onse awiri. Lipoti limodzi linakupiza mapiko, nkuuluka kulowera ku boma.

Patali penapake mlembi wa mu ofesi ankagogoda pachitseko, kuti mayi adzuke, alendo afika.

"Adikire," anayankha Mayi Kachingwe, dzanja lili m'mwamba. "A Thawale sanamalize mzere wa chimanga uwu."