Mafuta Ochotsera Utoto wa Chimphuno

Mwamuna wina ankawotcherera zitsulo, ndipo kunyumba mawu ake unkachita kuwagula. "Zikomo." "Ndakhuta." Basi. Koma Loweruka likafika, ankadzola utoto woyera kumaso, kuvala mphuno yofiira ndi thalauza la zigamba, n'kupita ndi anzake a kutchalitchi kuwodi ya ana kuchipatala. Kumeneko ankamutcha Chimphuno. Lamulo la gulu lawo linali lakuti ukadzola utoto, sulankhula mpaka utasamba. Uthenga wa Yesu uziyenda ndi manja ndi maso okha.

Amene anasoka thalauzalo ndi mkazi wake, telala wa pakhonde. Tsiku lina anapita kukaona ntchito ya manja ake. Anapeza mwamuna uja akugwa dala, akusakasaka nkhosa yotayika ya thonje pansi pa mabedi, mpaka kuipeza m'thumba la namwino. Ana anaseka mpaka kutsokomola. Namwinoyo ndiye anaseka kuposa onse, dzanja lili paphewa pa Chimphuno.

Nsanje inamugwira telala. Zaka zonsezi akumuchapira maovololo onunkha utsi, munthuyu sanamuseketsepo ngakhale kamodzi, koma apa akugawira anthu a eni chimwemwe ngati maswiti!

Loweruka lotsatira, telala anachotsa botolo la mafuta ochotsera utoto m'chikwama cha mwamunayo, n'kulibisa m'kabokosi ka ulusi.

Masana chitseko chinatseguka. Analowa Chimphuno wathunthu, nkhope ili mbee, msewu wonse utamuperekeza ndi maso.

"Mwabwera, bambo? Nanga lero osasamba bwanji?" anafunsa telala, maso ali pasingano.

Sanayankhe. Lamulo ndi lamulo. Anayang'ana kabokosi kaja, n'kuyang'ana mkazi wake. Kenaka anagwada, n'kuyamba kusakasaka pansi pa makina, pansi pa mpando, kuseri kwa katani, akudzikanda m'mutu. Pomaliza anafika pa telala, n'kumugwira dzanja, kulikweza m'mwamba monga ankakwezera nkhosa ija kuchipatala.

Telala anayesa kudzigwira, koma phwete linamupulumuka, misozi n'kutsatira.

Mwamunayo anatsegula kabokosi kaja yekha, n'kutulutsa botolo.

"Ayi, bambo," anatero telala, atamugwira pamkono. "Musasambe msanga. Mukasamba ndiye simundiyankhulanso."